Duwa lofiirira la m'mitunda ya ku Montana: kodi ndi spotted knapweed, nanga kuipa kwake kuli pati?

NaPhiri, Missoula

Moni kwa nonse a pabwalo lino. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino zomera za kuno kumadzulo kwa North America. Ndimakhala kunja pang'ono kwa mzinda wa Missoula, ku Montana m'dziko la United States, ndipo kuseri kwa nyumba imene timachita lendi kuli malo ouma, otsetsereka, ogundana ndi mtunda wa udzu wachilengedwe umene sunalimidwepo. Kuyambira mwezi wa Julayi pamalopo padzaza chomera china chofika m'mawondo, pena m'chiuno, cha nthambi zambiri zoonda koma zolimba, ndipo kunsonga kwa nthambi iliyonse kuli kaduwa kofiirira, kapakati pa pinki ndi pepo. Masamba ake ndi otuwa, ong'ambikang'ambika, ndipo alibe minga. Njuchi zimaunjikana pamenepo tsiku lonse.

Mayi wina wachikulire amene tayandikana naye nyumba wandiuza kuti chomerachi ndi spotted knapweed. Akuti lamulo la kuno sililola munthu kuchisiya kuti chibereke njere pamalo pake, ndipo akuti chikumaliza udzu wa m'mapiri. Eni nyumba andilola kuchita chimene ndingathe, koma sindikufuna kuyamba kuzula ndisanatsimikize, chifukwa m'mitunda yomweyi mulinso maluwa ena ofiirira amene ndi akonkuno, ndipo kuzula amenewo kungakhale kuwononga chinthu chomwe ndikufuna kuteteza.

Kodi ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe kuti ndi iyeyo? Komanso ndikufuna kumvetsa kuti chomera chimene njuchi zimachikonda chonchi chimawononga bwanji malo, popeza ndikachiyang'ana sindikuona kuti chikutchinga dzuwa kapena kuyanga pa zomera zinzake. Ngati chilidi choopsa, ndichichotse motani kuti ndisawonjezere vuto? Ndithokoza kwambiri amene angandiunikire.

A Chisale, Kamloops

Zikomo a NaPhiri chifukwa chofunsa musanagwire khasu. Kuno ku British Columbia, m'dziko la Canada, chomerachi tili nacho m'zigwa zouma za Thompson ndi Okanagan, ndipo malinga ndi zimene mwafotokozazi ndikuona kuti mayi oyandikana nanuwo sakulakwitsa. Komabe mtundu wa duwa si umboni wokwanira, chifukwa maluwa ofiirira ndi ambiri. Umboni weniweni uli pansi pa duwalo.

Thyolani mutu umodzi wa duwa ndipo muyang'anitsitse kachibulungira kobiriwira kamene duwalo latulukamo. Kachibulungirako kamakutidwa ndi timamba tosanjikizana. Mwa spotted knapweed, amene akatswiri a zomera amamutcha Centaurea stoebe, kamba kalikonse kamakhala ndi nsonga yakuda, ndipo m'mphepete mwa nsongayo muli timano tating'ono tondandana ngati mano a chipeso. Mukaugwira patali pang'ono, mutu wonse umaoneka wamadonthomadontho akuda. Mukaukhudza subaya. Mukaona madontho amenewo pamodzi ndi masamba otuwa opanda minga, musakayikenso. M'mabuku akale mudzapeza chomera chomwechi chikulembedwa Centaurea maculosa kapena Centaurea biebersteinii, ndipo zimenezo zisakusokonezeni.

Yang'ananinso pansi, pakati pa zazikuluzo. Mudzapeza tizomera tosatalika, tamasamba oyala mozungulira panthaka, ogawikana mpaka pafupi ndi mtsempha wapakati. Ameneyo ndi knapweed wa chaka choyamba. Sachita maluwa, amangokhazikitsa muzu umodzi waukulu wolowa pansi, ndipo chaka chotsatira ndi pamene amatulutsa tsinde. Anthu ambiri amazula wamaluwa yekha n'kusiya wapansiyu chifukwa chosamuzindikira, kenaka n'kumadabwa kuti malo aja adzadzanso.

Ali ndi abale ake awiri amene muyenera kuwasiyanitsa naye, chifukwa kachotsedwe kawo kamasiyana. Woyamba ndi diffuse knapweed, Centaurea diffusa, amene kuno ku Kamloops ndi wofala kwambiri. Maluwa ake kawirikawiri ndi oyera, ngakhale ena amafiirira pang'ono, ndipo kamba kalikonse kamathera mu kaminga kamene kamabaya chala. Akauma amathyoka m'munsi, ndiye mphepo imamugubuduza m'tchire akumwaza njere njira yonse. Wachiwiri ndi Russian knapweed, amene timamba take ndi tozungulira, tofewa m'mphepete, topanda madontho akuda. Ameneyo mizu yake ndi yakuda ndipo imayenda pansi panthaka n'kumaphukira uku ndi uku, kotero kumuzula ndi manja sikumumaliza. Ndiyenso woopsa kwa akavalo, chifukwa akamudya kwa nthawi yaitali ubongo wawo umawonongeka mpaka amalephera kutafuna ndi kumeza.

Nkhawa yanu ya maluwa akonkuno ndi yoyenera. Chomera chimene anthu amachipha kawirikawiri mosadziwa ndi wavyleaf thistle, Cirsium undulatum, chimene ndi cha kuno chiyambire ndipo agulugufe ndi njuchi zam'tchire zimadalira maluwa ake. Kuchisiyanitsa n'kosavuta: mutu wa duwa lake ndi waukulu, masamba ake ali ndi minga m'mphepete, ndipo kunsi kwake ndi oyera aubweya. Kulinso maluwa a aster amene amachita kumapeto kwa chilimwe, koma iwo amakhala ndi kachikasu pakati. Knapweed alibe kachikasu kameneko.

Za kumene anachokera, kwawo ndi ku Ulaya, makamaka pakati ndi kum'mawa kwake. Anafika kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo malo oyamba amene analembedwa ndi ku Victoria, kuno ku British Columbia, mu 1893. Njere zake zinabwera zitasakanikirana ndi mbewu ya alfalfa, imene alimi ankaitanitsa kuti adzale msipu wa ziweto, ndiponso m'dothi limene ankaika m'sitima zapamadzi kuti zilemere. Kwanu ku Montana anaoneka cha m'ma 1920 m'chigwa cha Bitterroot, kummwera kwa Missoula, choncho inu mukukhala pakati penipeni pa dera limene anafalikira. Kuchokera kumeneko anatsata misewu, njanji ndi mabelo a udzu wouma wodyetsa ziweto. Lero ali pamndandanda wa zomera zoletsedwa ndi lamulo ku Montana ndi kuno komwe.

Nabanda, Leeds

Ndawerenga funsoli modabwa, chifukwa kuno ku Britain dzina lakuti knapweed ndi la duwa lolemekezeka. Amene tili naye kuno ndi Centaurea nigra, wamaluwa ofiirira ndithu, ndipo ndi wachilengedwe m'dziko lino. Amapezeka m'madambo akale a udzu ndi m'mphepete mwa misewu, njere zake zimagulitsidwa m'masitolo a mbewu, ndipo mabungwe osamalira zachilengedwe amalimbikitsa anthu kumudzala chifukwa ali m'gulu la maluwa opatsa njuchi ndi agulugufe timadzi tambiri. Akauma, timbalame timabwera kudzadya njere zake.

Ndikudziwa kuti si mtundu umodzi ndi wa ku Montana, koma ndikufuna kufunsa mosabisa. Kodi sizingatheke kuti chomerachi chikudedwa chifukwa chongokhala chobwera? Ndamva kuti ku Michigan, dera lina la ku United States, alimi a njuchi amapeza uchi wabwino kwambiri kuchokera ku spotted knapweed yemweyo, uchi umene amaugulitsa ndi dzina lakuti star thistle, ndipo iwo sanakondwe pamene boma linayamba kumasula tizilombo tomuwononga. Chomera chimene chakhala pamalo zaka zoposa 100, chikudyetsa njuchi pa nyengo imene maluwa ena afota, kodi sichinasanduke mbali ya malowo? Sindikutsutsa zimene a Chisale afotokoza, koma ndikufuna kumva umboni wa kuwononga kwake, osati chabe kuti lamulo linamuletsa.

A Mwale, Bozeman

A Nabanda, funso lanu ndi labwino, ndipo a NaPhiri analifunsanso mwa njira ina. Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira msipu wa ziweto, ndipo ndikuvomereza kuti kubwera kuchokera kunja si mlandu. Zomera zambiri za ku Ulaya zili kuno ndipo palibe amene amazilabadira. Nkhani ya uchi wa ku Michigan ndi yoona, ndipo alimi a njuchiwo sakunama akamati knapweed amawathandiza. Koma njuchi ya uchi nayonso inachokera ku Ulaya, ndipo imatha kudya pafupifupi duwa lililonse. Zimene zikutayika m'mitunda ya ku Montana ndi zina.

Mtunda wachilengedwe wa kuno si kapinga woyala. Ndi udzu womera m'mapandomapando, monga bluebunch wheatgrass, umene ndi udzu woimira Montana, ndi Idaho fescue ndi rough fescue, ndipo pakati pa mapandowo pamamera maluwa a mitundumitundu amene amachita motsatizana kuyambira chipale chikangosungunuka. Pakati pa maluwawo pali arrowleaf balsamroot wachikasu, ndiponso bitterroot, amene mizu yake ndi chakudya chamakolo cha anthu a mtundu wa Salish. Knapweed amalowa m'mipata imeneyi. Satchinga dzuwa monga a NaPhiri aonera, nkhondo yake ndi yapansi: amayamba kukula msanga, muzu wake umatsika kukatenga chinyontho chimene udzu ukanadalira m'chilimwe, ndipo amathira njere zochuluka kwambiri moti malo alionse amene chomera china chafa, iye ndi amene amamerapo. Chomera chimodzi chimabereka njere mazanamazana, pena zikwi, ndipo njerezo zimatha kukhala zamoyo m'nthaka zaka 8 kapena kuposerapo. Ng'ombe zimamupewa chifukwa masamba ake ali ndi msuzi wowawa wotchedwa cnicin, choncho zimadya udzu wozungulira n'kumusiya iye akusangalala. Zaka zikamapita, pamalo pamene panali zomera zamitundu yambiri pamatsala mtundu umodzi wochuluka ndi ina yochepa yongopulumuka. Njuchi zam'tchire zimene zimadalira duwa limodzi lokha la kumayambiriro kwa chaka sizipindula kanthu ndi timadzi ta mu Ogasiti.

Pali chifukwanso chimene knapweed wa kuno alili wamphamvu kuposa wa kwawo. Ku Ulaya chomerachi chili m'mitundu iwiri yosiyana kuchuluka kwa makromozomu, tinthu ta m'maselo tosunga chibadwa cha chomera. Wina uli ndi magulu awiri, ndipo kawirikawiri umabereka kamodzi n'kufa. Wina uli ndi magulu anayi, ndipo umakhala zaka zingapo ukubereka chaka ndi chaka. Umene unafala ku North America ndi wachiwiriwu, ndipo unafika wopanda tizilombo timene timaudya kwawo.

Mudzamva anthu ambiri akunena kuti knapweed amatulutsa poizoni m'mizu amene amapha zomera zina. Nkhaniyi inatchuka mu 2003 pamene magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wonena kuti mizu yake imatulutsa mankhwala otchedwa catechin. Koma ofufuza ena atabwereza ntchitoyo sanapeze catechin wochuluka chotero m'nthaka, ndipo mbali ina ya zotsatira zoyambazo inabwezedwa. Ine ndimapewa kuigwiritsa ntchito pofotokoza, chifukwa umboni wina ulipo wolimba kuposa umenewo.

Umboni umodzi ndi wa nthaka. Kafukufuku wa mu 1989 kumadzulo kwa Montana anayerekeza malo a knapweed ndi malo a udzu wamapando pogwiritsa ntchito mvula yochita kupanga, ndipo anapeza kuti pamalo a knapweed madzi othamanga pamwamba anachuluka ndi 56 peresenti, pamene dothi lokokoloka linachuluka ndi 192 peresenti. Chifukwa chake n'chomveka: udzu uli ndi mizu yambirimbiri yogwira dothi ndipo masamba ake ouma amaphimba pansi, pamene pakati pa mitsinde ya knapweed pamakhala poyera. Dothi limenelo limakathera m'mitsinje imene nsomba za trout zimaikiramo mazira. Umboni wina ndi wa nyama. Mbawala zikuluzikulu zotchedwa elk zimatsika m'mapiri nthawi yachisanu kudzadya udzu wouma wa m'mitunda yoyang'ana dzuwa. A NaPhiri akudziwa phiri la Mount Jumbo, m'mphepete mwa Missoula, limene mbali yake yaikulu amaitseka kwa anthu kuyambira mu Disembala kuti elk zidye mwamtendere. Mtunda wotere ukadzaza knapweed, chakudya cha m'chisanu chimachepa ndipo nyamazo zimasamukira m'minda ya alimi. Pankhani ya ndalama, kafukufuku wa mu 1996 anawerengera kuti mitundu itatu ya knapweed ija, spotted, diffuse ndi Russian, inkatayitsa chuma cha Montana madola pafupifupi 42 miliyoni pachaka.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi mmene vutoli limayendera njira zosayembekezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri anabweretsa kuchokera ku Ulaya tintchentche ta mtundu wa Urophora, timene mphutsi zake zimakhala m'mitu ya maluwa a knapweed n'kuchepetsa njere. Tintchentcheto tinaswana kwambiri, koma knapweed sanachepe, chifukwa njere zotsala zinali zokwanirabe. Mphutsi zija zimagona m'mitu youmayo chisanu chonse, ndipo mbewa zam'tchire zotchedwa deer mice zinaphunzira kukwera mitsinde n'kumazidya pa nyengo imene kale zinkafa ndi njala. Mbewazo zinachuluka. Dean Pearson wa ku US Forest Service ndi Ragan Callaway wa ku University of Montana, onse a ku Missoula komweko, anasonyeza mu 2006 kuti pamalo otere mbewa zonyamula kachilombo ka hantavirus zinachuluka kwambiri, ndipo kachilombo kameneka kamayambitsa matenda a m'mapapo amene amapha anthu. Mbewa zomwezo zimadyanso njere za zomera zakonkuno. Choncho a NaPhiri, ngati pamalopo pali kashedi kamene muli zitosi za mbewa, musasese pouma. Tsegulani kuti mulowe mphepo, nyowetsani ndi madzi a bulitchi, kenaka mupukute mutavala magolovesi.

A Gondwe, Liwonde

Ine knapweed sindinamuonepo, koma nkhani ya tizilombo yandikopa chifukwa kuno pa Shire tinaona zofananako ndi namasupuni. Iyenso anachokera kunja, ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa duwa lake. Anaphimba madambo a kumunsi kwa mtsinje, asodzi anavutika kuyendetsa mabwato, ndipo iye pamodzi ndi zinyalala zina zoyandama wakhala akutseka makina opangira magetsi ku Nkula, n'chifukwa chake pano pa Liwonde pali chotchingira chogwira udzu wa m'madzi. M'zaka za m'ma 1990 anamasula anankafumbwe a mtundu wa Neochetina, amene amadya namasupuni yekha. Anamufooketsa m'malo ena, koma sanamuthe, ndipo ntchito yovuula ndi makina ikupitirirabe.

Funso langa kwa a Mwale ndi lakuti, popeza tintchentche tija tinabweretsa mavuto ena, kodi maganizo anu ndi akuti njira ya tizilombo ndi yolakwika? Ndikufunsa chifukwa malo ngati mitunda ya ku Montana ndi aakulu kwambiri moti sindikuona kuti anthu angawamalize ndi manja kapena ndi mankhwala.

NaPhiri, Missoula

Ndikuthokoza nonse. A Chisale, ndachita monga munanenera: timamba tonse tili ndi nsonga zakuda ndi timano m'mphepete, ndipo sitibaya. Tizomera toyala pansi tija tilipo tambiri, kuposa zamaluwa. Chapamwamba, pafupi ndi mpanda, ndapeza zomera zochepa zaminga zoyera kunsi kwa masamba, ndipo zimenezo ndazisiya. Ndaonanso kuti mitu ina youma ili ndi kabowo kozungulira pamwamba, ndipo mkati mwake mulibe njere, muli timphumphu tokha. Kodi chimenecho n'chiyani? Maluwa ambiri ayamba kale kufota, ndiye ndikufuna kudziwa ngati ndizule panopa kapena ndidikire chaka chamawa, ndiponso ngati kutchetcha ndi makina kungathandize popeza malowo ndi okulirapo.

A Mwale, Bozeman

Kabowo kameneko ndi nkhani yabwino, a NaPhiri, ndipo kakuyankhanso funso la a Gondwe. Ndi potulukira nankafumbwe wa mtundu wa Larinus, amene anabweretsedwa m'zaka za m'ma 1990. Mphutsi yake imadya njere zonse kapena pafupifupi zonse za m'mutu umene yakuliramo, ndipo imatulukamo chilimwe chisanathe, kotero siikhala chakudya cha mbewa m'chisanu. Mukazula chomera chachikulu, ng'ambani muzu wake m'litali. Mukapeza uli wotupa, wamphako, mwina muli mphutsi yoyera yonenepa, ameneyo ndi nankafumbwe wina, Cyphocleonus achates, amene anamasulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pa tizilombo 13 timene tinabweretsedwa kudzalimbana ndi knapweed, awiriwa ndi amene aonetsa ntchito yooneka. M'malo ena a m'chigwa cha Bitterroot knapweed anachepa kwambiri Cyphocleonus atachuluka, ndipo a Chisale angachitire umboni kuti ku British Columbia diffuse knapweed anatsika Larinus atakhazikika. Choncho a Gondwe, ine sinditsutsa njira ya tizilombo, ndipo pa malo aakulu palibe ina yokwanira. Chimene ndimatsutsa ndi kumasula kachilombo kamene kamaswana bwino koma sikapha chomera, chifukwa kotero kamangosanduka chakudya chatsopano m'tchire. Palinso chitsanzo cha nankafumbwe wotchedwa Rhinocyllus conicus, amene anabweretsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudzadya thistle wa ku Ulaya, koma anatembenukiranso thistle wachilengedwe wa kuno. Kusankha kachilombo ndi kumene kumafuna kusamala kwambiri.

Tsopano za malo anu. Musadikire chaka chamawa, chifukwa mitu ikangouma imatseguka n'kuwaza njere. Panopa dulani mitu yonse kapena zulani zomera zamaluwazo, muziike m'matumba olimba, mumange, ndipo mukataye kumene zinyalala zimakwiriridwa. Musaziike pa mulu wa manyowa ndipo musazisiye pansi, pakuti duwa lodulidwa limatha kukhwimitsa njere ngakhale tsinde lazulidwa. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, chifukwa msuzi wake umayabwa pakhungu la anthu ena ndipo kuwawa kwake kumatsalira m'manja. Kuzula kumayenda bwino mvula ikangogwa, nthaka ili yofewa, ndipo muyenera kutulutsa gawo lapamwamba la muzu pamene masamba amaphukira. Mukathyola tsinde lokha, amaphukanso. Yambirani m'mphepete, pamene knapweed ndi wapatalipatali ndipo udzu wachilengedwe ukadalipo, kenaka muzilowera pakati. Anthu ambiri amayambira pamene pali pothithikana chifukwa ndi pamene pamaoneka poipa, koma malo ofunika kupulumutsa ndi amene sanatayike.

Kutchetcha kumathandiza pokhapokha kukachitika pa nthawi yake, maluwa atangoyamba kutseguka. Mukatchetcha msanga, amaphukanso n'kuchita maluwa pafupi ndi nthaka pamene mpeni sufika. Mukatchetcha mochedwa, monga panopa, makinawo ndi amene amamwaza njere ndi kuzinyamula kupita nazo kwina. Nkhosa ndi mbuzi zimamudya, mosiyana ndi ng'ombe, ndipo mzinda wanu wa Missoula wakhala ukugwiritsa ntchito nkhosa pa Mount Jumbo, koma zimenezo zimafuna m'busa wodziwa nthawi yozilowetsa ndi yozitulutsa. Mankhwala monga aminopyralid ndi clopyralid amamupha bwino osapha udzu, koma amaphanso maluwa akonkuno, ndipo amakhalitsa m'udzu wodulidwa ndi m'ndowe za ziweto moti manyowa ake amawononga tomato ndi nyemba m'dimba. Ngati eni nyumba angafune njira imeneyo, apite ku ofesi ya boma ya m'dera lanu yoona za zomera zoletsedwa, imene imapereka uphungu kwa eni malo, ndipo apopere chomera chimodzichimodzi m'malo mothira mtunda wonse.

Chimene ndikufuna mutenge kwambiri kwa ine ndi chakuti kupha knapweed sikubweza mtunda. M'malo ambiri kumadzulo kwa Montana, iye atachepa, m'mipata munalowa cheatgrass, Bromus tectorum, udzu wobweranso wa chaka chimodzi umene umauma kumayambiriro kwa chilimwe ndipo umagwira moto mosavuta. Mlimi amene wachotsa knapweed n'kulandira cheatgrass sanapindule. Pachifukwa chimenechi, paliponse pamene mwazula n'kusiya dothi poyera, fesanipo mbewu ya udzu wakonkuno, makamaka bluebunch wheatgrass ndi Idaho fescue, ndipo mugule kwa ogulitsa amene amalemba kumene mbewuyo inachokera. Pewani mapaketi a maluwa osakaniza amene satchula mayina onse, popeza ena amakhala ndi abale a knapweed yemweyo. Nthawi yabwino yofesa ndi kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, nthaka itazizira koma isanaume ndi chisanu, kuti mbewu igone pansi pa chipale n'kumera ndi chinyontho choyamba. Pokumbukira kuti njere zakale zili m'nthaka, muuzeni mwini nyumba kuti malowo adzafunika kuyenderedwa chaka chilichonse mu Meyi ndi mu Julayi kwa zaka zingapo, ndipo mitu imene ili ndi kabowo ka Larinus isakudetseni nkhawa, chifukwa nankafumbweyo watuluka kale ndipo akagona m'zinyalala za pansi kudikira chaka chamawa.